Nsapato Zoyera za Achemwali

Mpaka lero ndikamva wezulo ikulira pabwalo la netibolo, mtima umayamba kundiwira. Anthu amaganiza kuti ndimadana ndi masewero. Ayi ndithu, masewero ndimawakonda. Chimene chimandiwawa ndi zomwe anthu a pakhomo limodzi anawachita achemwali anga chifukwa cha mpira, eni akewo n'kumadzitama kuti akusunga mwambo.

Achemwali anali senta. Kwa amene sadziwa netibolo, senta ndi uja sakhala malo amodzi, amathamanga kulandira mpira uku n'kuupereka uko. Ankasewera m'timu ya amayi a mumsika wa Zingwangwa, ogulitsa tomato, nsomba ndi kaunjika, omwe dzuwa likapendeka ankasiyira anzawo mabenchi n'kupita kukadumpha pabwalo la fumbi kuseri kwa sukulu ya pulayimale. Mizere ankalemba ndi phulusa. Golo imodzi inali yopendekeka ngati munthu woledzera, moti timu yomwetsera kumeneko inkayamba kudandaula masewero asanayambe. Ine ndinali nditachoka kwathu ku Thyolo kudzaphunzira zosoka m'tauni, ndipo ndinkakhala kwa achemwaliwo. Mpira sindinkautha. Ndinali wa gulu lochemerera, ndipo pakamwa pokha panalibe wondiposa.

Amuna awo, alamu anga, anali makaniko, munthu wa ku Nsanje woseka ndi aliyense. Akaweruka ankabwera kubwaloko ali chivalire ovololo yamafuta, n'kuima pafupi ndi golo yopendekeka ija. Achemwali akangolanda mpira, iwo ankakuwa kuti, “Ameneyo ndi wanga! Muone bwino, wa ine ameneyo!” Amayi onse ankafa nazo kuseka. Ndi iwowo amene anawagulira achemwali nsapato zoyera zamasewero, ati mkazi wawo asamasewere ndi mapazi ngati mwana wa sitandade wani. Nsapato yakumanzere itang'ambika pa kachala kakang'ono, ndinaisoka ndine, ndipo popeza ulusi woyera unali utanditheranso, ndinasokera wofiira. Achemwali anandinena tsiku lonse kuti telala wanji wosadziwa mitundu, koma anapitiriza kuivala.

Alamu anangodwala masiku ochepa, basi n'kutisiya. Tinakaika maliro ku Nsanje, ndipo pobwerera achemwali anali m'zakuda: diresi yakuda, chitenje chakuda, duku wakuda. Akuchimuna anati zovalazi adzavula chaka chikatha. Ife kwathu sitikokera choncho, koma palibe amene anatsutsa, chifukwa munthu ukakwatiwa kwa eni umatsata za eni.

Nyumba yomwe tinkakhala inali kuseri, pa puloti ya banja la alamu. Nyumba yakutsogolo munkakhala achemwali awo a malemuwo, mayi wamtali wa mawu okuluwika ngati akuwerenga kalata ya Paulo m'tchalitchi. Ana awiri a achemwali ankawatchula kuti azakhali, ndiye tonse tinazolowera kuwatchula choncho. Zenera lawo la kukhitchini linayang'ana khomo lathu, ndipo panalibe chotuluka kapena cholowa chomwe chinkawaphonya.

Masabata oyamba anthu ankabwera kudzapepesa. Kenako anasiya, monga mmene zimakhalira, ndipo m'nyumba munangoti zii. Apa ndi pamene ndinayamba kuona kuti achemwali sali bwino. Kulira sankalira. Ankangokhala pampando atayang'ana khoma, ndwii, mpaka phala la ana kupserera pambaula iwo ali pomwepo. Tulo sankagona, chakudya ankangochitosa, kusamba mpaka ndiwakakamize. Benchi yawo ya kaunjika kumsika inangokhala yovundikira. Tsiku lina mwana wamng'ono anawafunsa kuti amumange zingwe za nsapato, iwo anagwira zingwezo n'kumangoziyang'ana ngati sanazionepo. Ndinachita mantha kwambiri. Nditawauza azakhali, anandiyankha kuti, “Ndiye kulira mwamunako kumeneko. Umafuna azivina?”

Amene anaona zomwe ine ndinkaona anali mayi wina wogulitsa nsomba zouma, wamkulu pa onse m'timu muja, yemwe anzake ankamutcha akochi ngakhale wezulo yake inali ya pulasitiki yogulira ana. Anabwera masana ena, n'kukhala pakhonde osanena za maliro ngakhale pang'ono.

“Asisi, kugalaundi kwabwera akuba,” anatero. “Tikavula zitenje kuti tisewere, ana akumatisolola. Tiyeni muzikatisungira. Simusewera ayi, mukangokhala pansi.”

Linali bodza, ndipo tonse tinadziwa kuti ndi bodza. Ndani angabe zitenje zonunkha usipa? Koma achemwali analibe mphamvu zokanira, ndiye anadzuka n'kutsatira. Ine ndinanyamula nsapato zoyera zija m'jumbo, osawauza.

Kwa masiku angapo ankangokhala pansi pa mtengo wa bulugamu, mulu wa zitenje uli pamiyendo. Mpira ukupita uku ndi uku, iwo maso ali pansi. Ndiye tsiku lina mtsikana wina anaponya molakwika, mpira n'kulunjika kumaso kwawo. Ndinakuwa kuti azinde. Koma manja awo anadzuka okha, khathu, mpira uli m'manja. Anauyang'ana, anautembenuza, kenako anauponya mwamphamvu mpaka unakafika pachifuwa pa akochi, tsidya lina la bwalo. Akochi sanachemerere. Anangouponyanso kwa iwo. Achemwali anaimirira, zitenje zonse n'kugwera m'fumbi.

Tsiku limenelo anadya mbale yonse ya mpunga, ndipo m'mawa mwake ndinachita kuwadzutsa dzuwa litakwera. Sindine dokotala, sindidziwa zomwe zimachitika m'mutu mwa munthu thukuta likatuluka. Ndikunena zomwe ndinaona ndi maso angawa. Munthu amene ankaiwala kumanga zingwe anayamba kuchapa mayunifolomu a ana, anakavundukula benchi yake kumsika, anayambanso kundinena kuti ndimathira mchere wambiri m'ndiwo. Pobwerera kubwalo tsiku lina anandiuza kuti, “Iwe, ukudziwa? Ndikakhala m'nyumba muja, m'mutu mwanga mumalankhula anthu ambirimbiri, onse za alamu ako aja. Koma mpira ukakhala m'mwamba ukubwera, onse amakhala chete. Ndimangoona mpira basi.” Anati amawakumbukirabe amuna awo pabwalopo, makamaka akayang'ana golo yopendekeka, koma kumeneko kukumbukirako sikuwatsamwitsa.

Ankasewera ali m'zakuda zomwezo. Sanavule kanthu, sanaphwanye lamulo lililonse lomwe anauzidwa. Diresi yakuda yofika m'maondo, duku wakuda womanga zolimba, kupatula nsapato zokha zoyera. Koma Zingwangwa ndi Zingwangwa, nkhani imayenda msanga kuposa minibasi. Wina anakanena kuti namfedwa akudumpha pagulu. Wina anawonjezera kuti anamuona akuseka mpaka mano onse pamtunda. Pofika kwa azakhali, nkhaniyo inali itabala ana: ati achemwali amapita kubwaloko kukadzionetsa kwa amakaniko anzawo a malemu, ati munthu amene mwamuna wake wamwalira imfa yabwinobwino sangachire msanga choncho.

Azakhali anabwera okha kubwalo, masewero ali mkati. Analowa pakati penipeni, kuponda mizere ya phulusa, n'kuima kutsogolo kwa achemwali.

“Mlamu, mchimwene wanga sanaole n'komwe kumanda, inu muli jowejowe pano? Vulani nsapatozo.”

Akochi anayesa kulankhula, “Mayi, pepani, munthuyu amadwala maganizo, mpirawu ndi umene...” Azakhali anawadula. “Inu za m'banja mwathu zikukukhudzani pati? Kagulitseni nsomba zanu.” Achemwali anawerama, anamasula zingwe, n'kupereka nsapato ndi manja awiri ngati mwana wolakwa. Anayenda opanda nsapato mpaka kunyumba, anthu akuwayang'ana m'makonde. Ine ndinkabwera pambuyo ndikutukwana chamumtima, misozi ya ukali ili mbwembwembwe.

Lamlungu lotsatira kunali bwalo la banja pakhonde la azakhali. Kunabwera achimwene awo ena a malemu ochokera ku Bangwe, ndi amalume athu omwe anali ankhoswe. Anayamba ndi pemphero, zomwe zinandinyansa kwambiri, chifukwa chigamulo anali atapanga kale. Anati namfedwa amayenda pang'onopang'ono, salankhula mokweza, sathamanga, sadumpha. Malo ake ndi pakhomo, kutchalitchi ndi kumsika basi, mpaka tsiku lovula zakuda.

Ndinalephera kupirira. “Pepani akuluakulu,” ndinatero, “nsapato mwalandazo anagula ndi malemu omwewo. Ankabwera okha kudzachemerera. Inu munalipo pamene achemwali ankakhala osadya? Munabwerapo kudzaona ngati agona? Mpirawu ndi umene wawadzutsa, ndiye mukuti...”

“Iwe, khala chete,” anatero amalume. “Pano pakulankhula akulu.” Amalume athu enieni, a magazi athu, maso ali pansi ngati aba nkhuku.

Ndiye azakhali anatulutsa chomwe anasungira kumapeto. “Ife kwathu timalowola, ndipo ana awa ndi athu. Ngati mlamu akuona kuti mpira ndi wofunika kuposa ulemu wa mwamuna wake, palibe vuto. Azisewera. Anawa tikawasiya ku Nsanje akaleredwe ndi anthu odziwa mwambo.”

Achemwali anayang'ana ana awo omwe ankasewera fulaye kuseri kwa mpanda, kenako anati, “Ndamva, alamu. Sindidzapitanso.” Mayi wake uti akanayankha zina? Azakhali ankadziwa bwino lomwe kuti pamenepo ndi pofewa, n'chifukwa chake anagwira pomwepo.

Zomwe zinatsatira sindikonda kuzikumbukira. Zinabwerera zonse, ndipo ulendo uno zinabwera ndi mphamvu. Wezulo ya akochi inkamveka mpaka kunyumba kwathu madzulo aliwonse, ndipo achemwali ankatseka mawindo kuti asaimve. Anasiyanso kupita kumsika. Anaonda mpaka diresi yakuda ija inkangolendewera. Ndinayesa kuwatenga kuti tizingoyenda wapansi mpaka ku Nkolokosa ndi kubwerera, koma tikangotuluka, katani ya kukhitchini kwa azakhali inkagwedezeka, achemwali n'kubwerera m'nyumba. Chomwe chinkandipsetsa mtima koposa n'chakuti anthu anayamba kuwayamikira. Amayi oyandikana nafe ankati, “Koma ndiye akumulira mwamuna wawo bwino, mayi aulemu amenewa.” Munthu akutha iwo akuona, n'kumati ndi ulemu! Azakhali anabweretsa anthu a mapemphero omwe anakuwa m'nyumba mwathu masana onse kuthamangitsa mizimu. Mapemphero sindiwanyoza, inenso ndimapemphera. Koma mankhwala omwe anali atayamba kale kugwira ntchito anali atawatsekera m'sutikesi m'nyumba yakutsogolo.

M'mawa wina ndinapeza chitseko chili pululu, achemwali mulibe. Tinafunafuna kumsika, kutchalitchi, kubwalo. Chakumasana mayi wina wotola nkhuni anawapeza atakhala m'mphepete mwa nkhalango ya Kanjedza, mapazi ali magazi okhaokha, osadziwa kuti afika bwanji kumeneko. Atandiona anandifunsa ngati alamu aweruka.

Kuchipatala anawagoneka masiku angapo. Dokotala amene ankawaona anandiitanira pambali n'kundifunsa zomwe achemwali ankakonda asanadwale. Nditamufotokozera za netibolo, anati, “Ndiye bwanji anasiya? Zimenezo n'zomwe timawauza odwala athu, kuti azilimbitsa thupi, azikhala ndi anzawo.” Ndinamuuza kuti akafunse mayi wamtali amene wakhala pabenchi panjapo. Sanapite, anangopukusa mutu n'kulemba mankhwala. Mankhwalawo anathandiza, sindikana, chifukwa achemwali anasiya kusochera ndipo ankagona. Koma ankawalemeretsa thupi, manja n'kumanjenjemera.

Chaka chitakwana tinachita mwambo wovula zakuda. Kunaphikidwa mpunga ndi nkhuku, kunabwera makireti a zakumwa. Azakhali anawaveka achemwali chitenje chatsopano cha maluwa achikasu, n'kulankhula pagulu kuti mlamu wawo wasunga mwambo mpaka kumapeto, ndi chitsanzo kwa atsikana a masiku ano. Anthu anaomba m'manja, ena nthungululu. Pomaliza anatembenukira kwa achemwali akumwetulira. “Tsopano ndinu mfulu, mlamu. Ngakhale kumpira kwanu kuja mukhoza kumapita.” Za nsapato sanatchule, ndipo nditawafunsa tsiku lina anati sakukumbuka komwe anaziika.

Ndinawatengadi achemwali kupita nawo kubwalo. Amayi onse anasiya masewero kudzawakumbatira. Akochi anabwerera m'mbuyo pang'ono, n'kuwaponyera mpira mofatsa, ngati woponyera mwana. Mpira unawamenya pachifuwa, unagwa pansi, n'kugubuduzika mpaka kumtengo wa bulugamu. Manja awo sanadzuke. Anangoti, “Tiye kunyumba, ndatopa.” Akochi anatembenuka kuyang'ana kumbali, ndipo ndinaona akupukuta m'maso ndi nsonga ya chitenje. Tinayesanso kangapo miyezi yotsatira, koma sizinatheke.

Nditayamba kupeza bwino ndi zosoka, ndinachita lendi nyumba ku Nkolokosa n'kuwatenga achemwali ndi ana. Akuchimuna aja omwe ankati ana ndi awo sanalimbane nafe n'komwe, mwina atawerengera za fizi ndi mayunifolomu. Achemwali ali moyo mpaka lero. Amandithandiza kusokerera mabatani ndi kusita, amaseka nthawi zina, amapita ku Misa. Koma senta uja, mayi wothamanga bwalo lonse akukuwira anzake, anatsalira ku Zingwangwa.

Patapita zaka zingapo, m'tauni muno munabwera fasho ya majowajowa. Loweruka lililonse m'mawa, pamabwalo a sukulu ankaika masipika akuluakulu, mnyamata wa minofu ali kutsogolo, amayi ndi abambo a mimba zawo akudumpha pambuyo. Pawailesi ankalengeza kuti masewero olimbitsa thupi amachotsa nkhawa, amathandiza bipi ndi shuga. Anthu omwe aja ankati mayi wodumpha pagulu ndi wopanda khalidwe anagula matirakisuti. Ine ndinkangoseka chamumtima, kuseka kowawa.

Loweruka lina ndinkapita ku Zingwangwa kukapereka madiresi a ukwati, ndipo ndinadutsa pabwalo lathu lakale lija. Golo yopendekeka anali atachotsa. Nyimbo zinali pamwamba, anthu ali m'mizere, manja m'mwamba, mwendo uku, mwendo uko. Mumzere wachiwiri ndinaona mayi wamtali atavala sikipa yakuda ndi duku wakuda. Anali azakhali. Ndinali nditamva kuti amuna awo anamwalira miyezi ingapo m'mbuyomo, ndipo achemwali anapita kukapepesa ngakhale ine ndinakana. Nyimbo itatha anandiona, n'kubwera akupuma wefuwefu, nkhope ili ngwee.

“Ee, atelala! Mwatitaya bwanji? Ine adokotala anandiuza kuti ndizichita mafizo, bipi inakwera chimwalirire abambo. Ndinkangokhala maganizo okhaokha, tulo osabwera. Koma chiyambireni kuno, ndikugona ngati mwana. Mlamu wanga bwanji osamabwera? Muwauze, zimathandiza maganizo zimenezi.”

Ndinayang'ana pansi kuti ndisawalavulire mawu omwe anadzaza m'kamwa mwanga. Ndipo m'pamene ndinaziona. Zinali zitachita chikasu chifukwa chokhalitsa m'sutikesi, zingwe zinali zatsopano, koma pa kachala kakang'ono ka phazi lakumanzere panali ulusi wofiira, msoko wokhotakhota wa munthu wongophunzira kumene.

“Nsapatozi mwazipeza tsopano?” ndinafunsa.

Anayang'ana kumapazi kwawo, kenako kwa ine. “Aa, izi? Zinangokhala m'nyumba, ndinati zingaonongeke.” Sanachite manyazi ngakhale pang'ono. Mnyamata wa minofu uja analiza wezulo, iwo n'kuthamangira kumzere wawo.

Ndinayenda wapansi mpaka ku Nkolokosa, madiresi a eni ndili nawo m'manja, nditaiwala kokawapereka. Ndinapeza achemwali pakhonde akusokerera mabatani pa yunifolomu. Ndinawakhuthulira zonse ndili chiimire: zakuda, kudumpha, malangizo a adokotala, ulusi wofiira. Ndinati mawa lomwe ndipita kukazilanda, ndipo ndikawavula pagulu monga mmene anawavulira iwo.

Achemwali anamvetsera mpaka ndinamaliza. Analuma ulusi, n'kuika singano pambali.

“Zikuwakwana?” anafunsa.

“Achemwali, mwamva zomwe ndanena?”

“Ndamva. Asiye avale. M'nyumba muja ukakhala wekha mumaopsa, iwe sudziwa. Bola iwo asafike kumene ndinafika ine.”

Anatolanso singano. Manja ankanjenjemera, ulusi unkaphonya diso la singanoyo, ndipo anayesa kangapo asanandipatse kuti ndiwalowetsere. Nsapatozo sindinakazilande, chifukwa eni ake anakana. Koma kukhululuka anakhululuka ndi iwo, ine ayi.